Liwu la Chingerezi loti "debacle": gwero lake, matanthauzo ake ndi kamasuliridwe kake

Mnyamata wina amene wangoyamba kumene ntchito yomasulira nkhani anandibweretsera pepala lake kuti ndilione lisanapite kosindikiza. Nkhaniyo inali ya chisankho cha bungwe lina chimene chinathera panjira: mapepala oponyera voti anasowa, oyendetsa chisankho anatula pansi udindo tsiku lomwelo, ndipo nthumwi zinabwerera kwawo popanda mtsogoleri. Mlembi wa Chingerezi anamanga zonsezi m'liwu limodzi loti "debacle". Mnzathuyo analemba kuti "mtsutso wa chisankho". Nditamufunsa, anavomera kuti maso ake anaona "debate", liwu limene analizolowera kusukulu. Tinaseka ndithu, koma kenaka iye anati, "Nanga bambo, ndikanalemba chiyani?" Ine ndinayankha mosaganizira kuti akanalemba "kulephera". Nditafika kunyumba madzulo ndinazindikira kuti yankho langa nalonso linali loperewera, ndipo n'chifukwa chake ndalemba nkhaniyi.

Mneni woti "kulephera" ndi wotambalala kwambiri. Mwana amalephera mayeso, wodwala amalephera kudya, mlimi amalephera kubweza ngongole ya feteleza. Zina mwa izi zimachitika pang'onopang'ono ndiponso mwakachetechete. Koma Mngerezi wodziwa chiyankhulo chake akanena kuti "debacle" amakhala akunena za kulephera kumene kwadza mwadzidzidzi, anthu akuona, ndipo kwasiya zinthu zitangoti balala, kotero kuti palibenso pogwira. M'kati mwa liwuli mulinso ganizo lina limene anthu ambiri saliona: chinthucho chinali chitadikha kwa nthawi yaitali, chikuoneka ngati cholimba, pamene mphamvu yodzachigwetsa inali kuunjikana kuseri. Kuti timvetse kumene ganizo limeneli likuchokera, tiyenera kupita ku France, pakuti liwuli si la Chingerezi chenicheni ayi.

M'Chifalansa muli dzina loti "bâcle", limene limatanthauza mtengo kapena chitsulo chopingasa kumbuyo kwa chitseko. Ife timati mpiringidzo. Mneni wake ndi "bâcler", kutanthauza kupiringidza, ndipo akatswiri ofufuza magwero a mawu amaulumikiza ndi liwu la Chilatini loti "baculum", ndodo. Liwu lomweli la Chilatini ndi limene linabala "bacillus", kandodo, dzina limene madokotala anapatsa tizilombo tooneka ngati timitengo, monga kaja koyambitsa chifuwa chachikulu. Tsono Afalansa akafuna kutembenuza tanthauzo la mneni amaika mphatikiram'mbuyo "dé-", amene kale ankalembedwa "des-". Ntchito ya mphatikiri ameneyu sitiyenera kuivutikira, chifukwa ndi yomweyo imene "-ul-" amagwira m'Chichewa: tseka, tsekula, mata, matula, vundikira, vundukula. Choncho "débâcler" ndi kuchotsa mpiringidzo, ndipo "débâcle" ndi dzina la mchitidwewo kapena la zimene zimatsatira mpiringidzo ukachoka.

Poyamba mneniyu analibe tsoka lililonse m'kati mwake. Pamadoko a m'mitsinje ya ku France ankamugwiritsa ntchito ponena za kuchotsa ngalawa zimene zatsitsa kale katundu, kuti zodzaza zipeze poima. Inali ntchito wamba ya padoko, yokhala ndi munthu wake woiyang'anira.

Tanthauzo limene linatchuka ndi la mtsinje. Pano ndiyenera kufotokoza pang'ono, popeza mitsinje yathu sichita zoterezi. M'mayiko ozizira, m'nyengo yachisanu, madzi apamwamba pa mtsinje amaundana n'kuuma gwa ngati mwala, mwina mpaka munthu kuyendapo, pamene pansi pake madzi akuyendabe. Kunja kukayamba kufunda, madzi osungunuka kumapiri amachuluka, nakankha chivundikirocho kuchokera pansi. Tsiku lina chimang'ambika ndi mkokomo waukulu, ndipo zibenthu zake, zina zazikulu ngati nyumba, zimatsika ndi madzi zikugumula milatho, kuphwanya ngalawa ndi kusefukira m'midzi. Kusweka kumeneku ndi kumene Afalansa amatcha "débâcle". Ali nalonso liwu lotsutsana nalo, "embâcle", lonena za kuunjikana kwa zibenthuzo pamalo opapatiza mpaka kutseka mtsinje. Mawu awiriwa amayendera limodzi: kutsekeka kumayamba, kusweka kumatsatira. Angerezi anabwereka lachiwiri lokha, koma mthunzi wa loyambalo sunachoke.

Amene analowetsa liwuli m'Chingerezi sanali andale kapena asilikali, koma akatswiri a miyala ndi nthaka. Pamapiri a Jura, m'malire a Switzerland ndi France, pali miyala ikuluikulu ya mtundu wosiyana ndi thanthwe la pamalopo, yofanana ndi ya kumapiri a Alps, kutali ndithu. Inafika bwanji kumeneko? Horace-Bénédict de Saussure wa ku Geneva, amene anayendera mapiri a Alps nalemba mabuku ake pakati pa 1779 ndi 1796, ankaganiza kuti kalekale kunachitika chigumula choopsa chimene chinakokolola miyalayo, ndipo chigumulacho anachitcha "débâcle". Mu 1802 John Playfair wa ku Edinburgh, m'buku lake lofotokoza maganizo a James Hutton pa za kapangidwe ka dziko, anagwiritsa ntchito liwuli m'Chingerezi pokambirana ganizo lomwelo. Motero tanthauzo loyamba la liwuli m'Chingerezi linali madzi amphamvu othyola chotchinga, onyamula miyala ndi matope.

Patangopita zaka zowerengeka, chinthu chenichenicho chinachitika anthu akuona, ndipo ndikufuna ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa sindikudziwa chitsanzo china chimene chimaonetsa bwino mtima wa liwuli. M'chigwa cha Bagnes, m'chigawo cha Valais ku Switzerland, muli mtsinje wotchedwa Dranse. Pamwamba pa phompho lina la m'mbali mwa mtsinjewo pali chimulu chachikulu cha madzi oundana chotchedwa Giétro. Phiri la Tambora la ku Indonesia litaphulika mu 1815, ku Ulaya kunazizira kwambiri, moti chaka cha 1816 chimakumbukiridwa ngati chaka chopanda nyengo yotentha. Zibenthu za madzi oundana zogwa kuchokera ku Giétro zinaleka kusungunuka, zinaunjikana m'chigwa mpaka zinatseka mtsinje. M'miyezi yoyambirira ya 1818 anthu a kumunsi anadabwa kuona kuti Dranse waphwa pa nyengo imene amayenera kudzaza. Atakwera kukaona, anapeza nyanja yotalika pafupifupi makilomita awiri itadikha kuseri kwa khoma la madzi oundana.

Boma la chigawocho linatuma injiniya wachinyamata, Ignace Venetz, amene analamula kuti akumbe ngalande yoboola khomalo, yotalika pafupifupi mamita 200, kuti madzi azituluka pang'onopang'ono. Amuna anakumba usana ndi usiku, zibenthu zikuwagwera kuchokera kumwamba. Pa 13 Juni madzi anayamba kudutsa m'ngalandemo ndipo nyanja inayamba kutsika. Koma madzi omwewo anali kudya khomalo kunsi kwake. Pa 16 Juni, cha m'ma hafu pasiti folo masana, khoma linagumuka, ndipo madzi onse otsala anakhuthuka m'theka la ola. Pomatha ola limodzi ndi theka anali atafika m'tauni ya Martigny, atakokolola nyumba, milatho ndi minda, ndipo anthu oposa 30 anafa. Ngalande ya Venetz ikanapanda kuchepetsa madziwo, maliro akanachuluka koposa. Mpaka lero anthu a kumeneko amatcha tsokali "débâcle" ya Giétro. Chodabwitsa n'chakuti Venetz yemweyo, ataphunzira khalidwe la madzi oundana m'chigwachi, anakhala mmodzi mwa oyamba kunena kuti miyala ya pa Jura ija sinanyamulidwe ndi chigumula, koma ndi zimulu za madzi oundana zimene kalelo zinakuta dziko lonselo zikuyenda pang'onopang'ono. Louis Agassiz anafalitsa ganizo limeneli kuyambira mu 1837, ndipo chigumula cha Saussure chinatayidwa. Liwu lokha ndi limene linatsala.

Mwerengi wa kuno kwathu sangamve nkhani ya Giétro osakumbukira Napolo. Anthu a ku Zomba anaona zotere mu Disembala 1946, a ku Phalombe mu Malichi 1991, ndipo a m'munsi mwa phiri la Soche mu Malichi 2023: phiri kung'ambika, madzi, matope ndi miyala kutsika nthawi imodzi. Chochititsa n'chosiyana, kuno ndi mvula, uko ndi madzi oundana, koma chimene maso amaona n'chimodzi. Ndidzabwereranso ku liwu limeneli.

Kuchoka pa mtsinje kupita pa anthu sipanali patali. Gulu la nkhondo limene lagonja ndipo aliyense akuthawira kwake, zida zitatayidwa m'njira, limafanana ndi mtsinje wosweka uja. William Makepeace Thackeray, m'buku lake la Vanity Fair la mu 1848, anagwiritsa ntchito liwuli pa tanthauzo limeneli, pamene msilikali wothawa kunkhondo akusimba mumzinda wa Brussels kuti gulu lonse labalalika. Koma amene analimata liwuli pa mbiri ya dziko ndi Émile Zola. Mu Julayi 1870 France inayamba nkhondo ndi Prussia, Afalansa ambiri akukhulupirira kuti asilikali awo ndi osagonjetseka. Pa 1 Sepitembala gulu lawo lalikulu linazingidwa pa Sedan. M'mawa mwake mfumu Napoleon III inadzipereka, ndipo asilikali pafupifupi 100,000 anagwidwa ukapolo. Pa 4 Sepitembala ufumu wake unathetsedwa ku Paris. Ufumu umene unakhala zaka pafupifupi 18 unagwa m'masabata asanu ndi awiri. Zola analemba buku la nkhondoyi mu 1892 nalitcha La Débâcle, ndipo m'bukumo akuonetsa kuti kuvunda kunayamba kale, m'kusakonzekera ndi m'kudzitama kwa akuluakulu. Sedan linali tsiku chabe limene khoma linagumuka. Ife omasulira tingaphunzirepo kanthu pa mutu wa bukuli. Ernest Vizetelly, amene analimasulira m'Chingerezi chaka chomwecho, sanasunge liwu la Chifalansa, koma analitcha The Downfall, kutanthauza kugwa. Pofika mu 1972, pamene Leonard Tancock analimasuliranso, liwuli linali litakhazikika m'Chingerezi kotero kuti mutu wake unangokhala The Debacle. Afalansa amagwiritsanso ntchito liwu lomweli ponena za 1940, pamene Ajeremani anawoloka mtsinje wa Meuse pa Sedan pomwepo pa 13 Meyi, nalowa mu Paris pa 14 Juni, anthu mamiliyoni ali m'misewu kuthawa.

Masiku ano liwuli limapezeka kwambiri m'nkhani za ndale, za chuma ndi za masewera. Banki ya Barings ya ku London, imene inakhazikitsidwa mu 1762, inagwa mu Febuluwale 1995 kaamba ka wantchito wake mmodzi wa ku Singapore, Nick Leeson, amene kwa zaka zingapo ankabisa ndalama zimene ankaluza, mpaka zinafika mapaundi 827 miliyoni. Banki ya zaka zoposa 230 inagulitsidwa pa mtengo wa paundi imodzi. Apa zonse zilipo: nyanja yobisika kuseri kwa khoma, ndi tsiku limodzi logumuka. Okonda mpira akukumbukira za pa 8 Julayi 2014 ku Belo Horizonte, pamene Brazil, ili pakhomo pake, inagonja kwa Germany ndi zigoli 7 kwa 1, zinayi mwa izo zitalowa m'mphindi zisanu ndi imodzi. Atolankhani amene analemba "debacle" tsiku limenelo sanakokomeze. Koma ndiyenera kunena kuti ambiri amalitchula pa zinthu zazing'ono, monga msonkhano wochedwa kuyamba kapena phwando limene chakudya chinaperewera. Womasulira ayenera kuyeza yekha kukula kwa nkhani, asatengeke ndi kukula kwa liwu.

Pali liwu lina limene limasokonezedwa ndi ili, loti "fiasco". Ilo ndi la Chitaliyana, limatanthauza botolo, ndipo ndi pachibale ndi liwu limene ife tinabwereka kuti fulasiki. Ataliyana amati woimba kapena wazisudzo "wapanga botolo" akalephera pamaso pa anthu, ndipo Angerezi analitenga pa tanthauzo limenelo. Kusiyana kwake, m'kuona kwanga, n'kwakuti "fiasco" imachititsa manyazi ndipo oonerera amatha kuseka, pamene "debacle" imasiya mabwinja. Chinthu chimene chinali chosalongosoka kuyambira pachiyambi chimayenera liwu loyambalo. Lachiwirili limafuna kuti pakhale chinthu chimene chinaimapo chilili.

Pa za kalembedwe, m'mabuku a Chingerezi mudzapeza "débâcle" ndi zizindikiro zake ziwiri, makamaka m'mabuku akale, ndiponso "debacle" wopanda chizindikiro, amene ndi wofala tsopano. Onse awiri ndi ovomerezeka. Chimene sichiyenera ndi kuika chizindikiro chimodzi n'kusiya chinzake, ngakhale kuti zoterezi zimaoneka m'manyuzipepala. Kachipewa ka pa "â" n'kofanana maonekedwe ndi kamene kali pa "ŵ" m'dzina loti Malaŵi, koma ntchito yake ndi ya m'Chifalansa, ndipo m'Chingerezi sikasintha kanthu. Kuthothoka kwa zizindikiro n'chisonyezo chakuti liwu lobwereka laleka kukhala mlendo. Potchula, mphamvu imagwera pa phatikizo lachiwiri, "-ba-", osati loyamba monga timamvera nthawi zina pawailesi.

Tsono tibwerere ku funso la mnyamata uja. Njira yapafupi ikanakhala kubwereka. Mawu a Chingerezi othera ndi "-le" timawalandira ndi "-ulo" kapena "-olo", monga tebulo, ketulo, kandulo, Baibulo ndi botolo, choncho tikanalemba "debakulo". Ine sindikuvomereza. Mawu amene ndatchulawa anabwera pamodzi ndi zinthu zimene makolo athu analibe, ndipo munthu akaona chinthucho amadziwa tanthauzo la dzina lake. Kugwa kwadzidzidzi si chinthu chachilendo kwa Achewa, ndipo "debakulo" sangauze kanthu mayi womvera wailesi ku Ntchisi. Sindikuvomerezanso kuti tisankhe liwu limodzi loti lizilowa paliponse pamene Mngerezi walemba lake. Chingerezi chimakonda kuunjika nkhani yonse m'dzina, pamene Chichewa chimaika mphamvu yake mwa mneni ndi mvekero. Womasulira amene akukakamira kupeza dzina lolowa m'malo mwa dzina ndi amene amathera pa "kulephera".

Pa tanthauzo la madzi tilibe vuto. Liwu loti "chigumula" likuchokera ku mneni "gumula", ndipo limanena ndendende za madzi ogumula zotchinga. Likufanana ndi la Chifalansa ngakhale m'kapangidwe kake. M'buku la sukulu lofotokoza za Giétro, "chigumula" n'lokwanira, ndipo mphunzitsi angathe kutchula Napolo kuti ana amvetse kukula kwa chinthucho. Koma Napolo ndi dzina lokhala ndi chikhulupiriro chake, ndiponso ndi maliro ake. Ndinamvapo wolengeza mpira akunena kuti timu ina yakumana ndi Napolo. Kwa munthu amene anakwirira abale ake ku Phalombe, nthabwala imeneyo ndi yowawa, ndipo ndikupempha olemba kuti dzinali alisiyire phiri ndi madzi.

Pa nkhondo, ganizo lalikulu ndi kubalalika: asilikali anangoti balala, aliyense analiyatsa liwiro la mtondo wadooka. Pa boma, banki kapena kampani, mneni woti "kugumuka" ndi amene ndikumuona kuti akusunga chithunzi chonse, popeza chimene chimagumuka ndi khoma kapena gombe, chinthu choima chimene madzi akhala akuchidya kunsi. Tinganene kuti banki ya Barings inagumuka m'sabata imodzi, ndipo womvera adzamva zonse ziwiri, kulimba kwake kwa poyamba ndi kufulumira kwa kugwa kwake. Ena adzati "kugumuka" sitinazolowere kukunena za mabungwe. N'zoona, koma Afalansa nawonso sanazolowere kunena za asilikali ndi liwu la mtsinje kufikira wina atayamba, ndipo kufutukula tanthauzo la liwu lathu n'kwapafupi kuposa kuphunzitsa anthu liwu lachilendo. Pa chisankho ndi pa masewera, chining'a choti "kugwa chagada" chilipo kale m'kamwa mwa anthu ndipo chimanyamula manyazi a kugonja poyera. Chofunika kukumbukira n'chakuti chimanena za munthu kapena timu yogonja, osati za dongosolo losokonekera.

M'nkhani ya mnyamata uja palibe amene anagonja, pakuti mavoti sanaponyedwe n'komwe, choncho "kugwa chagada" sikukanalowa. Tinayesa "kugumuka", koma tinaona kuti bungwelo lidakalipo. Chimene chinafa ndi chisankho chokha. M'mawa mwake tinachotsa dzina lija pamutu wa nkhani n'kuikapo chiganizo chathunthu: "Chisankho chathera m'chipwirikiti, nthumwi zangoti balala." Mutuwo unatalika ndi mawu anayi, ndipo mkonzi anadandaula za malo, koma anaulola.